Kuthwa, Kupirira ndi Dzimbiri: Mbiri ya Chitsulo cha Mpeni ku Sheffield

Mayi anga anali ndi mipeni iwiri. Wina unali wakuda bii, chigwiriro chake chathabwa chomangidwa ndi waya, ndipo pakati unali utadyeka chifukwa chonoledwa zaka zambiri pamwala wa kuseri kwa khitchini. Ukasendera mango osapsa kapena kudulira matimati n'kuusiya osapukuta, m'mawa unkaupeza utavala dzimbiri lofiira. Winawo unali wa m'sitolo, wonyezimira, wolembedwa mawu akuti stainless pafupi ndi chigwiriro. Umenewu unkagona m'beseni la madzi usiku wonse osasintha nkhope. Koma tsiku lopha nkhuku, kapena chigwada chikafunika kudulidwa bwino, dzanja la mayi linkapita pa wakudawo. Ndikawapatsira wonyezimira ankati, "Iwe, umenewo ngwa alendo, wopakira majarini. Tenga mpeni."

Zimene mayi ankazidziwa ndi dzanja ndi zomwe osula a mzinda wa Sheffield ku England analimbana nazo kwa zaka mazana angapo. Munthu akagwira mpeni amafuna kuti ukhalitse kuthwa osabuntha msanga, upirire ukagunda fupa osabenthuka kapena kuthyoka, ndiponso usachite dzimbiri. Zitatuzi zili ngati akazi a pamitala: ukakondera mmodzi, ena awiri amakwinya nkhope. Mbiri ya chitsulo cha mpeni ndi mbiri ya anthu ofuna kuyanjanitsa banja limeneli.

Chiyambi cha mkangano chimaoneka pachipala chilichonse, ngakhale cha pamsika wa kwanu. Chitsulo pachokha n'chofewa. Chimene chimachilimbitsa ndi kaboni, yemweyo amene ali m'makala. Msomali uli ndi kaboni wochepa kwambiri, ndipo ngakhale uuwotche n'kuuviika m'madzi kakhumi suuma. Chitsulo cha mpeni chimakhala ndi kaboni kuyambira cha m'ma 0.5 mpaka kupitirira pang'ono 1 peresenti. Akapitirira 2 peresenti chimasanduka chitsulo cha ayironi ya makala ija, imene ikagwa pasimenti imang'aluka ngati mbale yadothi. Wosula amawotcha mpeni mpaka ufiire psuu, cha m'ma madigiri 800, pamene maginito amasiya kumata, kenako amauviika m'madzi kapena mu oyilo. Ukatuluka mmenemo umakhala wouma gwa, moti tupa imangotsetsereka osaluma. Koma uli choncho ukhoza kusweka ngati galasi. Ndiye amautenthetsanso pang'onopang'ono, maso ali pa mtundu umene ukuyenda pachitsulopo. Akauchotsa utafika mtundu wa udzu wouma, umakhala wa lumo kapena mpeni wosendera. Akadikira kuti ubiriwire, wataya kuuma kwina n'kugula kupirira, ndipo umenewo ndi wa chikwanje. Palibe malo pakati pa mitundu iwiriyi pamene wosula amapeza zonse.

Sheffield ili m'chigawo cha Yorkshire, pamalo pamene mitsinje isanu imatsika kuchokera m'mapiri: Don, Sheaf, Rivelin, Loxley ndi Porter. Madzi ake ankazunguza magudumu, magudumuwo n'kumazunguza miyala yonolera, ndipo miyalayo inkasemedwa m'mapiri omwewo. Nkhalango zinkapereka makala. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 mpeni wa ku Sheffield unali utatchuka kale moti wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer anautchula m'nkhani zake. Mu 1624 osula mipeni a m'deralo anakhazikitsa bungwe lawo mwalamulo, Company of Cutlers in Hallamshire, loyang'anira zizindikiro zimene aliyense ankadinda pa mpeni wake ndiponso maphunziro a anyamata olowa ntchitoyi. Bungweli lilipo mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti mzinda wa mipeniwu unalibe miyala yabwino ya chitsulo cha mpeni. Chitsulo choyera chinkachokera ku Sweden, makamaka ku migodi ya Dannemora, n'kudzera padoko la Hull. Chinkabwera chofewa, chopanda kaboni wokwanira. Pofuna kuchidyetsa kaboni, ankayala mipiringidzo yake m'mabokosi a miyala, pakati n'kumathira makala osinja, n'kumata pamwamba kuti mpweya usalowe, kenako n'kusonkha moto kwa sabata yathunthu kapena kupitirira. Mipiringidzo inkatuluka ili ndi matuza ngati khungu lopsa. Kaboni ankalowa kuchokera kunja, choncho kunja kunkauma pamene mkati muli mofewa. Osula ankaidula, kuisanjikiza, kuiwotcha ndi kuisula kuti igwirane, mwina kubwereza kawiri. Zinkathandiza, koma mpeni wake unkakhala ngati nsima yosavundula bwino, pena polimba pena pamadzi. Malo ofewa ankabuntha msanga, ndipo pamene panatsalira zinyalala m'pamene unkathyokera.

Amene anatopa nazo sanali wosula mipeni. Benjamin Huntsman, wobadwa mu 1704, ankapanga mawotchi m'tauni ya Doncaster, ndipo masipulingi a mawotchi ake ankamukhumudwitsa chifukwa cha chitsulo chosafanana chija. Cha m'ma 1740 anasamukira ku Handsworth, pafupi ndi Sheffield, n'kuyamba kuyesa chinthu chimene anthu a ku Ulaya ankachiona ngati chosatheka: kusungunula chitsulo cholimbacho mpaka chikhale madzi, kuti kaboni asakanikire ponseponse ndipo zinyalala ziyandame pamwamba. Pankafunika moto wa madigiri pafupifupi 1,600 ndi mphika wadothi woti upirire moto umenewo osasungunuka nawo. Zinamutengera zaka, miphika yambiri itasweka, mpaka anapeza dothi loyenera ndi moto wa malasha owotcheratu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndimaganizira kwambiri za anthu amene ankagwira ntchito imeneyi pambuyo pake. Ng'anjo zinali maenje pansi pa nyumba. Pakatha maola atatu kapena anayi, munthu ankaima chotangadza pamwamba pa dzenje, miyendo atakulunga ndi masaka onyowa kuti isapse, n'kuzula mphika woyera mbee ndi mbaniro zazitali. Masakawo ankafuka nthunzi, nthawi zina n'kuyaka. Mnzake ankalandira mphikawo n'kutsanulira m'chikombole mosagwedeza dzanja. Munalibe chida choyezera kutentha. Diso la wosungunula ndilo linkati chapsa.

Osula mipeni a ku Sheffield anachikana chitsulo cha Huntsman. Ankati n'cholimba kwambiri, chikuvuta kusula, chikuwatayitsa nthawi. Iye anakachigulitsa ku France, ndipo posakhalitsa mipeni ndi malumo a ku France, opangidwa ndi chitsulo cha ku Sheffield, anayamba kulanda msika wa ku England. Eni mudzi anakadandaula ku boma kuti liletse kugulitsa chitsulocho kunja, koma sizinatheke, ndipo anagonja n'kuyamba kuchigwiritsa ntchito. Huntsman sanalembetse luso lake ku boma, ankangolibisa. Anthu a kumeneko amasimba nthano yoti wopikisana naye wina anadzisandutsa wopemphapempha usiku wachisanu, napempha kuti awothe moto m'fakitale, n'kumaonerera zonse akunamizira kugona. Mulimonse mmene chinsinsicho chinatulukira, pamene Huntsman ankamwalira mu 1776 ena anali atayamba kale kusungunula, ndipo m'zaka za m'ma 1800 dzina la Sheffield pa mpeni linali ngati chikalata chotsimikizira kuti udzathwa.

Apa chilungamo chimafuna kuti tipatuke pang'ono. Kusungunula chitsulo mumphika sikunayambire ku England. Osula a kummwera kwa India ankachita zimenezi zaka zoposa 2,000 zapitazo, m'timiphika tating'ono totsekedwa, momwe ankaikamo chitsulo pamodzi ndi nkhuni ndi masamba. Zibuma zake, zimene azungu anadzazitcha wootz, zinkagulitsidwa ku Persia ndi kwa Aluya, n'kusulidwa malupanga otchuka a ku Damascus, amene pankhope pake pamaoneka mizere ngati madzi oyenda. Mizereyo ndi timibulu touma ta kaboni wogwirana ndi chitsulo, tondandalikana m'mizere. M'zaka za m'ma 1990 John Verhoeven ndi Alfred Pendray a ku America anasonyeza kuti kachidutswa kochepetsetsa ka vanadiyamu, kamene kanali m'miyala ya ku India mwachibadwa, n'kamene kankathandiza kuti mizereyi ipangike. Vanadiyamu ameneyu tikumana nayenso kutsogolo. Chitsulo cha ku India n'chimene chinakopa Michael Faraday, mwana wa wosula, kuti cha m'ma 1820, pamodzi ndi wopanga mipeni ya madokotala James Stodart, ayambe kusakaniza chitsulo ndi siliva, pulatinamu, kromiyamu ndi zina. Mu 1821 Mfalansa Pierre Berthier anaona kuti chitsulo chosakaniza ndi kromiyamu sichidyeka msanga ndi asidi, mpaka ananena kuti chingakhale chabwino popanga mipeni. Koma zosakaniza za nthawi imeneyo zinkadzaza kaboni n'kumasweka, ndipo nkhaniyo inagona zaka pafupifupi 90.

Kuthwa kwa mipeni ya ku Sheffield kunali ndi mtengo umene sunkalembedwa pa lisiti. Onola ankakhala chokwera pathabwa, ataweramira mwala waukulu wozungulira, tsiku lonse akupuma fumbi la mwala ndi la chitsulo. Amene ankanola pamwala wouma, makamaka onola mafoloko, ankadwala chifuwa chimene kumeneko ankachitcha mphumu ya onola, ndipo ambiri ankamwalira asanakwanitse zaka 40. Friedrich Engels analemba za iwo m'buku lake la mu 1845 lonena za moyo wa anthu apantchito ku England. Ndi nthenda ya fumbi yomweyo imene inabwera m'mapapo a agogo athu ambiri pochokera ku migodi ya ku Joni. Nthawi zina mwala unkaphulika uli mkati mozungulira n'kupha wonolayo pomwepo. Sindingathe kutamanda mipeni ya nthawi imeneyo osawakumbukira anthu amenewa.

Zaka zotsatira zinabweretsa zambiri, koma za mpeni zinali zochepa. Henry Bessemer analengeza mu 1856 njira yopangira chitsulo chambiri motsika mtengo, chabwino pa njanji ndi milatho. Robert Mushet mu 1868 anathiramo tangisiteni n'kupeza chitsulo chouma chokha pamphepo, ndipo Robert Hadfield mu 1882 anapeza cha manganizi chimene chimalimbirako chikamamenyedwa. Kuthwa ndi kupirira zinkapita patsogolo. Dzimbiri lokha linali lisanapeze mankhwala. M'nyumba za olemera munkakhala wantchito wokwecha mipeni tsiku ndi tsiku pathabwa lothira ufa wa njerwa, ndipo nsomba ndi zipatso ankadulira mipeni ya siliva chifukwa chitsulo chinkadetsa chakudya n'kusiyamo kafungo. Aliyense amene anadulapo ndimu ndi mpeni wakuda akukadziwa kafungo kameneka.

Harry Brearley anabadwira ku Sheffield mu 1871, m'banja losauka. Bambo ake anali wosungunula chitsulo pa ng'anjo za miphika zija, kukampani ya Firth. Iye anasiya sukulu ali ndi zaka 12, nalowa ntchito pafakitale, kenako anapatsidwa yotsuka mabotolo mu labotale. Kumeneko anayamba kuwerenga usiku ndi kuphunzira kupima zitsulo, mpaka anakagwira ntchito kunja, ku Riga, ndipo mu 1908 anabwerera kwawo kudzatsogolera labotale yofufuza ya makampani a Brown ndi Firth. Mu 1912 anapatsidwa vuto losakhudzana ndi khitchini: mipope ya mfuti inkadyeka mkati chifukwa cha kutentha kwa onga. Poyesa kuthetsa zimenezi anayamba kuwonjezera kromiyamu, ndipo pa 13 August 1913 anasungunula chitsulo chokhala ndi kromiyamu 12.8 peresenti ndi kaboni 0.24 peresenti.

Wopima chitsulo akafuna kuona mkati mwake pa maikulosikopu amayamba wachipukuta, n'kudonthezapo asidi kuti adye pamwamba pang'ono, maonekedwe ake atuluke. Brearley atadontheza, asidi sanalume. Anayesa viniga, anayesa madzi a ndimu, chitsulo chili ngwee. Munthu wina akanangolemba m'buku kuti chitsulochi chikuvuta kupima. Koma uyu anali mwana wa Sheffield, wokulira pakati pa osula mipeni, ndipo maganizo ake anathamangira patebulo lodyera.

Mabwana ake sanatengeke nazo. Osula oyamba amene anachiyesa anabweza mawu oti n'chosathandiza, chikuvuta kusula, chikuvuta kunola, chikukana kuuma bwino. Zinali ngati za Huntsman zija zabwereranso. Amene anamuthandiza anali mnzake wa kusukulu, Ernest Stuart, woyang'anira ntchito ya mipeni kukampani ya R. F. Mosley pa Portland Works. Awiriwa anapeza kuti chitsulo chatsopanochi chimafuna moto woposa umene osula anazolowera pochiumitsa, ndipo mu 1914 mipeni yoyamba inatuluka. Brearley ankachitcha chosachita dzimbiri, koma Stuart, ataona kuti viniga sakusiyapo banga, anachitcha chosathimbirira, ndipo dzina lakuti stainless linachokera pamenepo. Brearley anakangana ndi kampani yake pa za umwini wa luso limeneli n'kuchoka mu 1915 kupita ku Brown Bayley. Sanali yekha padziko amene anafika pa chitsulo chotere. Ku Germany, Benno Strauss ndi Eduard Maurer a kampani ya Krupp anali atalembetsa chawo mu 1912, ndipo ku America kunali Elwood Haynes. Koma amene anachiika m'manja mwa mayi wophika anali Brearley.

Chinsinsi chake n'chakuti kromiyamu akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga chitsulo. Ukakanda, kamadzipanganso nthawi yomweyo. Kuti kakhunguka kakhale kokwanira pamafunika kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti. Mu 1924 William Hatfield, amene analowa m'malo mwa Brearley, anatulutsa chitsulo cha 18/8, kutanthauza kromiyamu 18 ndi nikelo 8 peresenti. Chimenechi ndi cha masipuni, mapoto ndi masinki. Pa dzimbiri n'chosagonja, koma sichiuma ngakhale uchiviike bwanji. Mukhoza kuyesa nokha: maginito amamata pa mpeni wa sitenilesi, koma pa sipuni yabwino kawirikawiri amangogwa.

Tsono mkangano wa pamitala uja unabuka poyera. Kaboni 0.24 peresenti ndi wochepa pa mpeni, ndipo anthu a ku Sheffield sanachedwe kumunena Brearley kuti ndi amene anapanga mpeni wosadula. Ukati uwonjezere kaboni kuti uume, kaboniyo amakwatirana ndi kromiyamu n'kupanga timibulu touma totchedwa makabaidi. Kromiyamu amene wakwatiwa sapanganso kakhungu kaja, ndiye dzimbiri limapeza khomo. Chitsulo chotchedwa D2 ndi umboni wake: chili ndi kromiyamu 12 peresenti, pafupifupi ngati cha Brearley, koma poti kaboni wake ndi 1.5 peresenti, chimachita mawanga a dzimbiri ukachisiya chonyowa. Ukati uwonjezere zonse ziwiri, monga mu 440C momwe kaboni ali cha m'ma 1 ndipo kromiyamu cha m'ma 17 peresenti, timibulu tija timakula.

Timibulu timeneti tili ngati miyala ya m'konkire. Konkire ya miyala yambiri siperepeseka msanga anthu akamapondapo, ndipo mpeni wa makabaidi ambiri umadula chingwe ndi makatoni nthawi yaitali usanabunthe. Koma yesani kupanga kona yopyapyala ndi konkire ya miyala ikuluikulu: mwala umodzi ukagwephuka pamatsala chibowo, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Kukamwa kwa mpeni wakuthwa n'kopyapyala kuposa timibulu tina ta mu D2 ndi 440C. N'chifukwa chake mpeni wakuda wa mayi anga, wa kaboni yekha, wa timibulu tating'onoting'ono, unkalola kunoledwa mpaka kumeta cheya cha pamkono, ndipo unkabwerera kuthwa ukangokhudza mwala kasanu. Unkabuntha, inde, koma sunkakana mwala. Wonyezimira wa m'sitolo uja unali ndi vuto lina: opanga mipeni yotchipa amasankha sitenilesi ya kaboni wochepa chifukwa siidya makina awo, n'kuiumitsa mosakwanira. Kukamwa kwake kumapindika m'malo modula, ndipo ukaunola pamatsala kalilime kachitsulo kongogwera uku ndi uku.

Kwa nthawi yaitali zonsezi zinkaweruzidwa ndi chala chachikulu cha wosula. Kenako kunabwera zoyezera. Georges Charpy wa ku France mu 1901 anafotokoza njira yoyezera kupirira: nyundo yolendewera imamenya kachitsulo kochekedwa pakati, n'kuona mphamvu imene yatha pokathyola. Hugh ndi Stanley Rockwell a ku America anayambitsa makina oyezera kuuma, amene masiku ano amakanikiza nsonga ya dayamondi pachitsulo ndi kulemera kwa makilogalamu 150, kuya kwa kabowoko n'kumapereka nambala ya kuuma. Mipeni ya kukhitchini ya ku Germany imakhala cha m'ma 56 mpaka 58, ya ku Japan 60 kupita m'tsogolo, zikwanje cha m'ma 50 mpaka 55. Ku Sheffield komweko bungwe lofufuza za mipeni la CATRA linapanga makina odulitsa mpeni mulu wa mapepala othira mchenga wosalala, n'kumayeza kuti wadula mozama bwanji usanabunthe. Makina amenewa anatsimikiza chinthu chimene ogulitsa mipeni sakonda kuchinena: kupyapyala kwa kukamwa, ndi mmene mpeni unaumitsidwira, zimasintha zotsatira kwambiri, nthawi zina kuposa dzina la chitsulocho.

Mayiko anasankha mosiyana. Ku Solingen, mzinda wa mipeni wa ku Germany, anakhazikika pa chitsulo cha kaboni 0.5 ndi kromiyamu 15 peresenti, chosauma kwambiri, chopirira wophika wosasamala ndi madzi a sopo. Ku Switzerland kampani ya mipeni yopinda inatenga dzina lakuti Victorinox mu 1921, mbali yomalizayo ikuchokera ku liwu la Chifalansa la chitsulo chosachita dzimbiri. Ku Sweden anatsata njira imene ine ndimaiona yanzeru koposa: popanga chitsulo cha malezala monga AEB-L, anayeza kaboni cha m'ma 0.67 ndi kromiyamu 13 peresenti, zokwanira kuuma ndi kukana dzimbiri koma zosakwanira kubala timibulu tikulutikulu. Sichikhalitsa kuthwa ngati D2, koma chimapirira, chimanoleka, ndipo sichiwopa madzi. A ku Japan anakana kusankha chitsulo chimodzi. Boma litaletsa kuyenda ndi malupanga mu 1876, osula ambiri anatembenukira ku mipeni ndi zida zina, atatenga luso lawo lakale lomata chitsulo chouma kwambiri pa chofewa, kuti chouma chidule pamene chofewa chikuchigwira kuti chisathyoke. Mpaka pano ophika nsomba ambiri kumeneko amasankha mpeni wochita dzimbiri, n'kumaupukuta akangodula.

Vuto la timibulu tikulutikulu linayamba kugonja cha m'ma 1970, pamene kampani ya Crucible ku America inayamba kupopera chitsulo chosungunuka kuti chikhale ufa. Kadontho kalikonse kamazizira m'kuphethira kwa diso, makabaidi asanapeze nthawi yokula, kenako ufawo amaupanikiza pamoto mpaka ugwirane. Mwa njira imeneyi anatha kuthiramo vanadiyamu wambiri, yemwe uja wa malupanga a ku Damascus, amene timibulu take n'touma kuposa ta kromiyamu ndipo timatenga kaboni n'kumusiya kromiyamu pantchito yake yoletsa dzimbiri. Chitsulo cha S30V, chimene chinatuluka mu 2001, anachikonzera mipeni, ndipo mmodzi mwa amene anathandiza anali Chris Reeve, wopanga mipeni wobadwira ku Durban amene anasamukira ku Idaho ku America. Mu 2021 katswiri wa zitsulo Larrin Thomas anatulutsa MagnaCut. Iye anachita zosemphana ndi zimene ambiri akanayembekezera: anachepetsa kromiyamu kufika pa 10.7 peresenti, kuti pafupifupi yense akhale womasuka, ntchito ya timibulu n'kuisiyira vanadiyamu ndi niyobiyamu. Ndi zitsulo zochepa zimene zinayandikira kuyanjanitsa banja lija ngati chimenechi.

Komabe ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pali mkazi wachinayi amene manambala a m'labotale samuwerengera, ndiye kunoleka. Timibulu ta vanadiyamu n'touma kuposa mchenga umene uli m'mwala wa kumtsinje, kuposanso miyala yambiri yonolera ya m'sitolo. Mpeni wotere umatenga nthawi yaitali usanabunthe, koma tsiku limene wabuntha umafuna nolo wa dayamondi. Kwa munthu wa ku Idaho zimenezo n'zochepa. Kwa wogulitsa nyama pamsika, amene amanola mpeni pa mpeni unzake kakhumi dzuwa lisanafike pamutu, mpeni wokana mwala ndi katundu wopanda ntchito, mtengo wake tisanaunene n'komwe. Pamenepa m'pamene ndimasiyana ndi anthu amene amandandalika zitsulo kuyambira chopambana mpaka chotsika ngati ligi ya mpira. Funso loyamba ndi lakuti mpeniwo ukadula chiyani, ndipo ukanoledwa ndi chiyani.

Sheffield yeniyeniyo inafota. Mipeni yotchipa ya ku Asia inadzaza misika kuyambira m'ma 1960, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo m'ma 1980 anthu zikwizikwi a ntchito ya zitsulo anachotsedwa. Portland Works, kumene kunabadwira mpeni wa sitenilesi, inatsala pang'ono kusandutsidwa nyumba zogona, koma anthu a mumzindawo anasonkherana ndalama n'kuigula mu 2013, patatha zaka 100 chitsulo cha Brearley chisungunulidwe. Amisiri akugwirabe ntchito mmenemo.

Ife nkhaniyi siili kutali nafe monga mmene ingaonekere. Kromiyamu wambiri wa padziko ali pansi pa nthaka ya South Africa, ndipo wina ali m'mapiri a Great Dyke ku Zimbabwe, ku Shurugwi ndi Mutorashanga, kumene anthu ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique anakumba nawo m'migodi. Kunyezimira kwa mpeni wa alendo uja mwina kunadutsa m'manja mwa achibale athu. Mpeni wopinda wa Okapi, umene amatchona ankabwera nawo m'thumba, unayambira ku Solingen mu 1902 ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Wachikale uja ndi wa kaboni wamba, umachita dzimbiri, ndipo umanoleka ngakhale pa sitepe ya simenti. Makolo athu nawonso anali ndi ng'anjo zawo, zimene mabwinja ake akuonekabe ku Kasungu ndi ku Nyika. Zinazima m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, makasu ndi mipeni ya m'sitolo zitachuluka, ndipo osula anatembenukira ku zitsulo zakutha.

Pa zitsulo zakuthazo, chimene wosula aliyense amachisaka ndi sipulingi ya galimoto. Masipulingi ambiri amapangidwa ndi chitsulo cha kaboni cha m'ma 0.6 peresenti ndi kromiyamu wosafika 1 peresenti, chokonzedwa kuti chipindike kambirimbiri osathyoka. Pa kupirira chimaposa zitsulo zambiri zodula za mayina otchuka, pa dzimbiri chilibe chitetezo n'komwe. Ndinaima tsiku lina pachipala cha bambo wina wachikulire akusula chikwanje kuchokera ku sipulingi ya lole, mdzukulu wawo akupukusa gudumu la njinga lopemerera moto. Atachiviika mu oyilo wakutha, utsi uli tolotolo, anachikwecha ndi mwala kuti chiyere, n'kuchiyendetsa pamwamba pa makala mpaka mtundu wobiriwira unayenda kuchokera kumsana kutsikira kukamwa. Asanaike chigwiriro anachimenyetsa katatu pa chitsa cha mtengo wouma, n'kuchipenda padzuwa kuti aone ngati chabenthuka. Pondipatsa anati, "Achimwene, chimenechi chikabuntha musavutike, mwala uliwonse chimva. Koma mukachoka nacho kudimba muzichipukuta, musachigoneke pamame."